Seneta wa state ndi ndani kwenikweni? Tiyeni tione zaka 8 zomwe Obama anakhala ku Springfield asanatchuke

Pagulu lathu lina la pa WhatsApp panabuka mtsutso sabata yapitayi, wina anaponya nkhani yoti "seneta wa ku America" wanena zakutizakuti ndiye anthu anayamba kuthamanga nayo ngati kuti walankhulayo ndi mmodzi wa akuluakulu aja a ku Washington amene amatha kuimitsa thandizo la ndalama lopita ku maiko ena. Titafufuza bwinobwino tinapeza kuti munthuyo ndi seneta inde, koma wa state, ndipo ku Washington kulibe mpando wake. Chisokonezo chimenechi ndachiona kambirimbiri moti ndaganiza kuti ndichifotokoze bwino kamodzi, ndipo njira yosavuta ndi kutsata munthu mmodzi amene tonse timamudziwa, Barack Obama, chifukwa asanakhale pulezidenti komanso asanakhale seneta wa dziko lonse anakhala seneta wa state ya Illinois kuyambira January 1997 mpaka November 2004. Zaka zimenezi anthu ambiri amangozilumpha akamakamba za moyo wake, pomwe ndi mmenemo momwe munthu ungaone bwino kuti ndale za ku America zimayenda bwanji kumunsi.

Maseneta alipo mitundu iwiri

Choyamba timvetsetse mawu oti state. America ndi mgwirizano wa zigawo 50 ndipo chigawo chilichonse ndi chomwe amachitcha state, koma musaganize za chigawo ngati mmene timanenera chigawo cha kumpoto kapena chapakati kwathu kuno, kumene kulibe boma lakelake. State ili ndi malamulo ake oyendetsera zinthu, ili ndi mtsogoleri wake wosankhidwa ndi anthu amene amamutcha gavanala, makhothi ake, apolisi ake, misonkho yake komanso Nyumba ya Malamulo yake. Illinois payokha ndi yaikulu kuposa Malawi pa malo ndipo ili ndi anthu oposa 12 miliyoni.

Ku Washington kuli Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse yomwe amati Congress, ndipo ili ndi zipinda ziwiri. Chipinda chotchedwa House chili ndi aphungu 435, chipinda chotchedwa Senate chili ndi maseneta 100, awiri kuchokera mu state iliyonse, aliyense amakhala zaka 6. Awa ndi amene timawaona pa CNN akufunsa mafunso nduna kapena akuvomereza majaji a khothi lalikulu. Koma ma state nawo anatengera kamangidwe komweko, ndiye state iliyonse ili ndi House yake ndi Senate yake, kupatula Nebraska yokha yomwe kuyambira 1937 ili ndi chipinda chimodzi basi ndipo onse 49 amene amakhala mmenemo amatchedwa maseneta. Mukawaphatikiza maseneta a ma state onse amakwana pafupifupi 2,000. Ndiye mukamva kuti "seneta" mwayi waukulu ndi woti ndi mmodzi wa 2,000 awa osati wa 100 aja.

Ife zimativuta kumva chifukwa kwathu tili ndi chipinda chimodzi chokha. Kunena zoona malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994 anali ndi Senate, yomwe mafumu nawo amayenera kukhalamo, koma siinakhazikitsidwe ndipo mu 2001 anaichotsamo. Abale athu a ku Zimbabwe ndi amene angazimve mwachangu chifukwa kwawo Senate ilipo, ngakhale nayo ndi ya dziko lonse osati ya chigawo.

Kukula kwa ntchitoyi kumasiyana kwambiri malinga ndi state. Ku California maseneta alipo 40 okha ndipo aliyense amaimira anthu pafupifupi miliyoni, kuposa amene phungu wa ku Congress amaimira. Ku Alaska alipo 20, ku Minnesota 67. Ku New Hampshire malipiro ake ndi madola 100 pa chaka chonse, inde pa chaka, ndipo ku Texas Nyumba imakumana kamodzi pa zaka ziwiri kwa masiku 140, ndiye ambiri amakhala ndi ntchito zawo zina, wina loya wina mlimi wina wabizinesi. Ku Illinois maseneta alipo 59 ndipo aphungu a House alipo 118, dera la seneta mmodzi limakhala ndi anthu opitirira pang'ono 200,000.

Nanga amachita chiyani?

Apa ndi pamene ndimafuna anthu amvetsetse, chifukwa dzina loti "wa state" limamveka ngati kaudindo kakang'ono. Malamulo a America amati mphamvu zomwe sizinaperekedwe ku boma la Washington zimatsala m'manja mwa ma state ndi anthu. Ndiye zinthu zambiri zokhudza moyo wa tsiku ndi tsiku zimagamulidwa ku state: ndalama zopita ku masukulu aboma, milandu yambiri ya kuba ndi kupha komanso chilango chake, kaya munthu anyongedwe kapena ayi, malaisensi a galimoto, maukwati, mmene anthu amalembetsera kuti avote, ndipo kuchokera mu 2022 pamene khothi lalikulu linagamula mlandu wa Dobbs, nkhani yochotsa pakati nayo inabwerera ku ma state. M'bale wanu amene ali ku Indiana ndi wina amene ali ku Illinois ayandikana malire koma malamulo amene akuwalamulira pa zinthu izi ndi osiyana, ndipo amene amawalemba ndi anthu ngati maseneta a state amenewa.

Kuwonjezera apo Senate ya state imavomereza bajeti, imavomereza kapena kukana anthu amene gavanala wawasankha m'maudindo, zofananako ndi zomwe komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za osankhidwa m'maudindo imachita kwathu, komanso ndi yomwe imazenga mlandu gavanala akafuna kumuchotsa pampando. Kale mphamvu zawo zinali zoposa apa, chifukwa mpaka 1913 Nyumba za Malamulo za ma state ndi zomwe zinkasankha maseneta opita ku Washington, anthu wamba sankawavotera mwachindunji.

Obama anachokera kuti

Anabadwa pa 4 August 1961 ku Honolulu, Hawaii. Bambo ake anali Mluo wa ku Kenya, kwawo ku Kogelo, amene anapita ku America kukaphunzira, mayi ake Ann Dunham anali mzungu wobadwira ku Kansas. Banjalo silinakhalitse, bambowo anachoka mwana ali wamng'ono ndipo anadzamwalira pa ngozi ya galimoto ku Nairobi mu 1982. Mnyamatayo anakhalako ku Jakarta, Indonesia ndi mayi ake kuyambira ali ndi zaka 6 mpaka 10, kenako anabwerera ku Hawaii kukaleredwa ndi agogo ake akuchikazi. Anamaliza digiri ku Columbia University mu 1983.

Chofunika pa nkhani yathu ndi chakuti ku Chicago sikunali kwawo, anali obwera. Anafikako mu 1985 kudzagwira ntchito ku bungwe la Developing Communities Project lomwe linayambitsidwa ndi mipingo, kummwera kwa mzindawo komwe amati South Side, kumene kumakhala anthu akuda ambiri ndipo nthawi imeneyo mafakitale a zitsulo anali akutsekedwa anthu nkumachotsedwa ntchito. Ntchito yake inali yosonkhanitsa anthu a m'madera kuti azikadandaula limodzi kwa akuluakulu, mwachitsanzo anthu okhala m'nyumba za boma ku Altgeld Gardens amene ankadandaula za asbestos m'nyumba zawo. Amene anagwirapo ntchito ya m'mabungwe kumudzi akudziwa kuti ntchito yotere ndi ya misonkhano ya m'matchalitchi yomwe nthawi zina kumabwera anthu ochepa, kugogoda m'makomo, kudikira pa benchi ku ofesi ya boma.

Mu 1988 anapita ku Harvard kukaphunzira zamalamulo ndipo mu 1990 anakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera magazini ya ophunzira zamalamulo ya Harvard Law Review, zomwe zinamutchukitsako pang'ono. Atabwerera ku Chicago mu 1991, mu 1992 anatsogolera kampeni ya kalembera yotchedwa Project Vote yomwe inalembetsa anthu pafupifupi 150,000, chaka chomwecho anakwatira Michelle Robinson mwana wa ku South Side komweko, anayamba kuphunzitsa zamalamulo ku University of Chicago ndipo mu 1993 anayambanso ntchito ya uloya. Uphunzitsiwo sanausiye ngakhale atakhala seneta, anaupitiriza mpaka 2004.

Analowa bwanji, nkhani ya masiginecha

Apa pali phunziro la mmene zisankho za kumeneko zimayendera ndipo ndi mbali yomwe mpaka lero anthu amatsutsana. Mu 1995 phungu wa ku Congress Mel Reynolds anapezeka wolakwa kukhothi nkutula pansi udindo, ndiye panafunika chisankho chapadera. Seneta wa dera la nambala 13 ku Illinois, mayi Alice Palmer, anaganiza zokapikisana nawo pa mpando wa ku Congress uja ndipo mpando wake wa useneta anaonetsa kuti akumusiyira Obama. Koma mu November 1995 mayiwo anagonja pa mapulaimale, anapambana ndi Jesse Jackson Jr. Atagwa choncho anabwerera kuti akufunanso mpando wawo wakale, ndipo akuluakulu ena a m'deralo anamupempha Obama kuti awasiyire. Iye anakana.

Tsono ku Illinois kuti dzina lako lilowe pa pepala lovotera umayenera kutolera masiginecha a anthu olembetsa kuvota a m'dera lakolo, nthawi imeneyo pa mpando uwu ankafunika 757. Lamulo limalola kuti wopikisana nawe apite ku bungwe loyendetsa zisankho akaunike siginecha iliyonse, kodi munthuyu analembetsadi, kodi amakhaladi m'derali, kodi si dzanja limodzi lomwe lasaina maina khumi. Anthu a Obama anachita zimenezo, ndipo poti mayi Palmer anatolera masiginecha awo mothamanga m'masiku ochepa, ambiri anakanidwa mpaka otsalawo sanakwane. Anthu ena atatu amene ankafuna mpandowo nawonso anagwa pa njira yomweyo. Obama anapita ku mapulaimale a March 1996 yekha wopanda wopikisana naye, ndipo popeza deralo ndi la chipani cha Democratic kotheratu, chisankho cha November chinali chongotsimikizira, anapeza mavoti oposa 80 pa 100 aliwonse.

Omuikira kumbuyo amati lamulo ndi lamulo, amene walephera kutolera masiginecha olondola vuto ndi lake ndipo ku Chicago aliyense amachita zimenezi. Omudzudzula amati munthu amene anatchuka ndi kulembetsa anthu kuti avote sanayenere kuwamana anthu omwewo mwayi wosankha, makamaka pochotsa mayi amene anamutsegulira khomo. Ine sindigamula, koma ndikufuna muone kuti m'madera ambiri a ku America mpikisano weniweni umathera pa mapulaimale kapena ngakhale mapulaimale asanachitike.

Zaka 6 ali mbali yochepa

Analumbira mu January 1997. Likulu la Illinois si Chicago ayi, ndi Springfield, tauni yaing'ono yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 320, ngati kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, ndiye Nyumba ikamakumana ankayendetsa galimoto kupita kumeneko nkumagona ku hotela banja lili ku Chicago. Atafika anapeza kuti chipani cha Republican ndi chomwe chili ndi maseneta ambiri, mtsogoleri wa Senate anali James "Pate" Philip, ndipo zinakhala choncho mpaka January 2003.

Kukhala mbali yochepa ku Senate ya state ndi kowawa chifukwa cha mmene bilu imayendera. Seneta amalemba bilu, imatumizidwa ku komiti, komiti ikaivomereza imawerengedwa katatu pa masiku osiyana mu chipinda chonse nkuvoteredwa, kenako ipite ku House ikadutsenso momwemo, ndiye gavanala asaine. Gavanala akakana, Nyumba itha kumugonjetsa ngati magawo atatu mwa asanu a chipinda chilichonse agwirizana. Koma chipata choyamba chenicheni ndi mtsogoleri wa chipani chachikulu, iye ndi anthu ake ndi amene amasankha kuti bilu iti ipite ku komiti ndipo iti ingofera mu kabati. Ndiye ngati uli wa chipani chochepa, bilu yako siyenda pokhapokha utapeza mnzako wa mbali inayo woti ayikepo dzina lake.

Komanso anzake a chipani chimodzi sanamulandire bwino onse. Maseneta ena akuda a ku Chicago monga Rickey Hendon ndi Donne Trotter ankamuona ngati munthu wa ku Harvard wobwera kudzawaphunzitsa, komanso nkhani ya mayi Palmer inali ikadali m'mitima. Chomwe anachita ndi kuyamba kucheza ndi anthu amene sankayembekezeka, ankasewera makadi a poker madzulo ndi maseneta azungu a kunja kwa Chicago monga Terry Link, Denny Jacobs ndi Larry Walsh, anaphunziranso gofu. Zimamveka ngati zachibwana koma m'nyumba ya anthu 59 okha voti iliyonse ndi munthu amene umamudziwa nkhope, ndipo munthu amene mumadyera limodzi savuta kumupempha. Anadziphatikanso kwa Emil Jones, mtsogoleri wa maseneta a Democratic, mkulu wa ndale zakale za ku Chicago amene anadzakhala ngati nkhoswe yake.

Jones ndi amene anamutuma mu 1998 kukaimira chipani pa zokambirana za lamulo loletsa mphatso. Pa nthawiyo ku Illinois wandale ankatha kutenga ndalama za kampeni nkugwiritsa ntchito pa zake, komanso kulandira mphatso kuchokera kwa ma lobbyist, awa ndi anthu olembedwa ntchito ndi makampani kapena mabungwe kuti azinyengerera aphungu pa mabilu. Obama anagwira ntchitoyi ndi seneta wa Republican Kirk Dillard, molimbikitsidwa ndi Paul Simon amene anali atapuma pa useneta wa ku Washington, ndipo lamulo linadutsa loletsa mphatso zambiri zotere ndi kukakamiza kuti ndalama za kampeni ziziululidwa poyera. Silinathetse katangale ku Illinois, mbiri ya zaka zotsatira ikuchitira umboni, koma linali lamulo loyamba lalikulu la mtunduwu patapita zaka zambiri. Anathandizanso kukhazikitsa ndondomeko yochepetsera msonkho anthu ogwira ntchito amene amalandira zochepa.

Batani lachikasu

Pali chinthu china cha ku Illinois chomwe chinadzamutsata mpaka pa kampeni ya upulezidenti. Pa desiki ya seneta pali mabatani atatu, lobiriwira la inde, lofiira la ayi, ndi lachikasu lomwe limangotanthauza kuti "ndilipo". Popeza bilu imafuna mavoti 30 a inde mwa 59 kuti idutse, kudina lachikasu kumagwira ntchito ngati kukana, kungoti pa mbiri yako sipalembedwa kuti unakana. Obama anadina batani limeneli ka 129 pa mavoti pafupifupi 4,000 amene anaponya. Mu 2008 mbali ya Hillary Clinton, amene ankalimbana naye pa mapulaimale a upulezidenti, inati uku ndi kuthawa nkhani zovuta, makamaka poti ena mwa mavotiwo anali okhudza kuchotsa pakati ndi milandu. Mbali yake inayankha kuti ku Springfield imeneyi ndi njira yodziwika yosonyezera kuti bilu ili ndi vuto pa malamulo, ndipo kuti pa mavoti ena a kuchotsa pakati anachita kugwirizana ndi bungwe la Planned Parenthood la ku Illinois, lomwe limaikira kumbuyo ufulu wochotsa pakati. Magulu otsutsa kuchotsa pakati nawo amamudzudzula mpaka lero chifukwa cha mmene anavotera pa mabilu amenewo. Mukamva mkangano wotere za seneta wina aliyense wa state, funsani kaye kuti malamulo a kavotedwe m'nyumba yakeyo ndi otani chifukwa state iliyonse ili ndi zake.

Kugwa chagada mu 2000

Anapambananso mu 1998, koma mtima unali kale pa mpando wokulirapo. Anaganiza zolimbana ndi Bobby Rush, phungu wa ku Congress wa ku South Side, munthu amene anali mmodzi wa oyambitsa gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda la Black Panther Party ku Illinois m'zaka za m'ma 1960 ndipo anthu a m'deralo ankamuona ngati wawowawo. Rush anali atangogonja moipa pa chisankho cha umeya wa Chicago mu 1999 ndiye Obama anaona ngati wafooka. Zinthu sizinayende. Mu October 1999 mwana wa Rush anaomberedwa nkumwalira, anthu anamumvera chisoni bamboyo. Mu December chaka chomwecho Senate inaitanidwa mwadzidzidzi kukavota pa bilu yokhudza mfuti Obama ali ku Hawaii kokaona agogo ake, mwana wake Malia anadwala ndiye sanabwerere, bilu inagwa ndipo manyuzipepala anamudzudzula kwambiri. Pulezidenti Bill Clinton naye anaikira kumbuyo Rush. Pa mapulaimale a March 2000 Rush anapeza mavoti 61 pa 100, Obama 30. Ndi chisankho chokhacho chomwe anagonjapo pa moyo wake.

Chomwe chinamupulumutsa ndi chakuti useneta wake wa state sunali pa chisankho chaka chimenecho, ndiye anabwerera ku Springfield ndi ngongole koma mpando ali nawo. Ku Illinois nthawi ya seneta siifanana, pa zaka 10 zilizonse dera limakhala ndi nthawi ziwiri za zaka 4 ndi imodzi ya zaka 2, anachita dala kuti zizigwirizana ndi kalembera wa anthu amene amachitika zaka 10 zilizonse.

Mapu atasintha zonse zinasintha

Kalembera wa anthu akatha malire a madera amadulidwanso. Kwathu ntchitoyi imagwiridwa ndi bungwe la zisankho la MEC, koma m'ma state ambiri a ku America amadula malirewo ndi andale eni ake, ndiye chipani chomwe chagwira cholembera chimajambula mapu okomera icho. Ku Illinois zipani zikalephera kugwirizana amapanga komiti ya anthu ofanana mbali zonse, nayonso ikakanika amachita maere kuti apeze munthu mmodzi wowonjezera. Mu 2001 maerewo anagwera a Democratic. Mapu atsopano anathandiza kuti chipanichi chitenge Senate pa chisankho cha 2002, ndipo dera la Obama linajambulidwanso, linachoka pongokhala Hyde Park ndi madera osauka a kummwera nkutambasuka m'mbali mwa nyanja ya Michigan kukafika kumadera olemera a pakati pa mzinda. Izi zinamupatsa anthu atsopano oti awaimire komanso anthu a ndalama oti athandize kampeni.

Mu January 2003 Emil Jones anakhala mtsogoleri wa Senate, Obama anakhala wapampando wa komiti ya zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu, ndipo mabilu amene kale ankafera mu kabati anayamba kuyenda. Jones ankamupatsa mabilu akuluakulu kuti awatsogolere, mpaka maseneta ena amene anawavutikira mabiluwo kwa zaka anadandaula kuti wina akukolola pomwe sanalime. M'zaka ziwiri zimenezi anathandiza kukulitsa ndondomeko ya inshulansi ya zaumoyo ya ana yotchedwa KidCare, komanso lamulo lokakamiza apolisi kulemba mtundu wa munthu aliyense amene amuimitsa pamsewu, kuti pakhale umboni ngati akuda akuimitsidwa kwambiri kuposa ena.

Koma lamulo lomwe ine ndimaliona kuti ndi lolemera kwambiri ndi lojambula mafunso a apolisi. Kuti mumvetse muyenera kudziwa zomwe zinkachitika. Ku Chicago kunali mkulu wa apolisi Jon Burge amene gulu lake linkazunza anthu, ambiri akuda, kuti avomere milandu. Pofika chaka cha 2000 Illinois inali itapha anthu 12 olamulidwa kuphedwa kuchokera pomwe chilangochi chinabwezeretsedwa m'zaka za m'ma 1970, koma anthu 13 amene ankadikira kuphedwa anali atamasulidwa zitapezeka kuti anamangidwa molakwika. Tangoganizani, omasulidwa kuchuluka kuposa ophedwa. Gavanala George Ryan, wa Republican, anaimitsa kupha mu January 2000 ndipo pochoka pampando mu January 2003 anasintha chilango cha onse amene ankadikira imfa. Bilu ya Obama inkati pa mlandu wakupha, apolisi akamamufunsa munthu amene ali m'manja mwawo ajambule zonse, apo ayi zomwe wavomerazo khothi lisazilandire mwachisawawa. Apolisi ndi oimira boma pa milandu poyamba anakana, ankati zimanga manja ofufuza. Anakhala nawo pansi kambirimbiri, kusintha apa ndi apo, kuwaonetsa kuti tepi yomweyo idzawateteza iwonso munthu akadzanama kuti anamenyedwa, mpaka anasiya kutsutsa. Lamulo linadutsa mu 2003 ndipo Illinois inakhala state yoyamba kukhazikitsa zimenezi kudzera m'Nyumba ya Malamulo. Aliyense amene anamvapo m'bale wake akunena kuti anavomera mlandu chifukwa cha zibonga akudziwa kuti nkhani iyi si yaing'ono, ndipo inagamulidwa ndi maseneta a state, Washington sinakhudzidwe. Chilango cha imfa chenichenicho Illinois inadzachithetsa mu 2011.

Kuchoka ku Springfield

Ali seneta wa state yemweyo, pa 2 October 2002 analankhula pa msonkhano ku Chicago kutsutsa nkhondo ya ku Iraq isanayambe. Seneta wa state alibe voti pa nkhani ya nkhondo, ndipo apa mpamene pali kusiyana kuja ndinayamba nako, mawu ake tsiku limenelo analibe mphamvu iliyonse pa boma. Koma anadzamuthandiza mu 2008 chifukwa opikisana naye ena amene anali maseneta a ku Washington anali atavotera nkhondoyo, ngakhale omutsutsa amati nkosavuta kukana chinthu pamene sukufunsidwa kuponya voti.

Mu 2004 seneta wa ku Washington Peter Fitzgerald sanaimenso. Obama anapambana mapulaimale a March ndi mavoti opitirira theka pakati pa anthu angapo, wa Republican Jack Ryan anasiya mpikisano chifukwa cha nkhani za m'banja lake zomwe zinatuluka kukhothi, chipanicho chinabweretsa Alan Keyes kuchokera ku Maryland ndipo Obama anapambana ndi 70 pa 100. Pakati pa zonsezi, pa 27 July 2004, analankhula pa msonkhano waukulu wa chipani chake ku Boston ndipo dziko lonse linamudziwa usiku umenewo, udindo wake ukadali seneta wa dera la nambala 13 ku Illinois. Patangotha zaka 4 anasankhidwa kukhala pulezidenti. Si iye yekha amene anadzera njirayi, Franklin Roosevelt anayambira ku Senate ya New York mu 1911 ndipo Jimmy Carter ku Senate ya Georgia mu 1963, koma ambiri mwa anthu 2,000 aja sapita kulikonse, amatha zaka zawo akukangana za misewu, masukulu ndi bajeti ya state yawo.

Ndiye mukaona nkhani, yang'anani mmene amulembera munthuyo. Akalemba kuti "U.S. Senator" ndi wa ku Washington. Akalemba "State Sen." kapena akatchula nambala ya dera, ndi wa state, ndipo zonena zake pa nkhani ya visa, thandizo la kunja kapena nkhondo ndi maganizo chabe, pomwe pa nkhani ya apolisi, sukulu ndi chipatala cha m'state yakeyo voti yake imaluma.

Mpando wa Obama ku Springfield anautenga Kwame Raoul, loya wa makolo ochokera ku Haiti, amene kuyambira 2019 ndi mkulu wa zamalamulo wa state ya Illinois. Ndipo Senate yomweyo inadzaonetsa mano ake posakhalitsa. Obama atasankhidwa kukhala pulezidenti, lamulo linkapatsa gavanala Rod Blagojevich mphamvu yosankha munthu wolowa m'malo mwake ku Senate ya ku Washington, ndipo a FBI anamujambula mawu pafoni akukambirana zoti apindule nawo mpandowo. House ya Illinois inamuimba mlandu, Senate ya state inakhala ngati khothi, ndipo pa 29 January 2009, patangopita masiku 9 Obama atalumbira ku Washington, maseneta onse 59 kuphatikizapo Raoul anavota kuti gavanalayo achoke, panalibe ndi mmodzi yemwe womuikira kumbuyo.